Chivundikiro Chopanda Bowo

Mlongo wanga Fryson anabadwa ndi manja, ine ndinabadwa ndi pakamwa. Amayi ankatero tili ana ku Ndirande, ndipo kwa zaka zambiri ndinkayesa akundiyamikira. Dzina langa ndine Ketrina, woyamba kubadwa. Fryson ndi wachinayi, ndipo ndinamubereka kumsana ine ndemwe mpaka atayamba kuyenda. Nkhani ndikulembayi ndi yake, koma wolakwa m'menemo ndine. Ndanena izi poyambirira dala, chifukwa ndimadzidziwa: ndikapita nayo patali ndiyamba kudzikometsera.

Fryson sukulu anasiyira Fomu 2. Anakakhala pamsika ndi amalume athu okhoma zidebe, ndipo amalumewo atamwalira anatenga malo awo, hamala yawo, sizasi yodulira malata ndi kachidutswa ka njanji kokhomerapo. Ankakonza ndowa, mbaula, makeni othirira kudimba, zonse zimene amisiri a pamenepo amakonza. Koma chimene anatchuka nacho chinali zivundikiro. Ankati ndowa aliyense akhoza kukhoma, chivundikiro ndicho chimaulula mmisiri. Akamaliza ankadzaza ndowa ndi madzi, kuivundikira, n'kuipendeketsa pamaso pa wogula. Dontho limodzi likangotuluka, chivundikirocho ankachiphwanya n'kuyambiranso, wogula akudikira pabenchi. Azimayi otunga madzi pakiyosiki ankafika kunyumba nsalu zili zouma. Kwathu tinakula tikudziwa kuti madzi sasiyidwa pamtunda pomwe pali fumbi, ntchentche ndi mphemvu, ndipo chivundikiro chabwino n'chimene sichilola kanthu kulowa kapena kutuluka.

Anakwatira Tereza, namwino wochokera ku Thyolo. Nthawi imeneyo n'kuti ine ndili kale ku Glasgow kuno, ndikusamalira okalamba, ndipo ndine ndinamukopa mlamu wangayo kuti ntchito ya unamwino kuno iliko. Anabwera ndi mwana wawo Atupele ali ndi zaka zitatu. Fryson anati atsatira ikatha miyezi isanu ndi umodzi. Mapepala anakanidwa kawiri, kenako kunabwera mliri uja, ndipo miyezi isanu ndi umodzi inasanduka zaka khumi.

Zaka zonsezo sanatenge mkazi wina, ngakhale anzake pamsika ankamuseka kuti Tereza anakwatiwa ndi mzungu kalekale. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankakwera kumtunda, kumene netiweki imagwira bwino, atavala shati yoyera kuti mwana amuone waukhondo pafoni. Poyamba ankaimba naye nyimbo za Sande sukulu. Mwana atayamba sukulu, Chichewa chinayamba kumuthothoka, ndipo mafoni anafupika mpaka kungotsala kubayibitsana.

Fryson anafika mu Febuluwale, atavala jekete ya pakaunjika imene mphepo ya kuno inkangoiseka. Pabwalo la ndege Atupele, msungwana wa zaka khumi ndi zitatu wamtali kuposa ine, anamupatsa dzanja n'kuti, "Hiya." Fryson anatulutsa mphatso m'chikwama: kandowa kamasanje kokhala ndi kachivundikiro kake, kamene anakhomera mwana wa zaka zitatu amene anali m'mutu mwake. Mwana anathokoza mwaulemu. Kandowako kanakakhala pamwamba pa firiji.

Nyumba yawo ili ku Maryhill, pansanjika yachitatu, mawindo akuyang'ana ngalande. M'nyumba imeneyo bambo ndi mwana ankapatsana njira mukolido ngati anthu ongochita lendi limodzi. Chingerezi cha Fryson chinali cha pamsika, cha moni ndi mitengo ya katundu. Cha Atupele n'cha ku Maryhill, chimene ngakhale ine wa zaka zonsezi ndimachita kutchera khutu. Chichewa chake chinali "zikomo", "ndakhuta" ndi "sindikufuna". Choncho mawu onse ankadutsa mwa Tereza, ndipo Tereza akakhala kuntchito ankadutsa mwa ine. Ntchito yomasulirayo ndinkaikonda, ndisaname. Fryson anapeza ntchito yotsuka mabasi kudepoti, ndipo akaweruka ankangozungulira m'nyumba manja akumuyabwa, kumangitsa zitseko za kabati zimene sizinamasuke n'komwe. Tsiku lina tikuchokera kutchalitchi anandiuza kuti, "Achemwali, mwana uja sananditchulepo. Sati adadi, sati bambo. Amangoyamba kuyankhula." Ndinamuuza kuti adekhe, ana a kuno ndi otero.

Amene ankatchulidwa dzina m'nyumbamo tsiku lonse anali Rowland. Musaganize kuti ndi mkulu wa mpingo. Rowland chinali chiweto cha Atupele, kanyama kam'madzi kotchedwa akisoloto, kokhala m'thanki yagalasi kuchipinda kwake. Tangoganizani mbululu imene yakula kuposa chikhatho, yamera miyendo inayi, koma yakana kusanduka chule. Khungu lapinki ngati mwana wa mbewa, kumbali kwa mutu tinthenga topumira titatu uku titatu uku, pakamwa pongomwetulira popanda womuseketsa. Ine ndinkanyansidwa nako. Ndinkati kwathu chinthu chotere ukachipeza pachitsime umaitana abusa adzapemphere. Atupele anakhala nako zaka zinayi, kukadyetsa nyongolotsi ndi kachopanira, kukauza za kusukulu zimene ife sankatiuza.

Mu Julaye, Tereza anapita ku Thyolo kukamangitsa chiliza cha amayi ake. Atupele naye anali woti apite kukampu ya achinyamata a kumpingo kwa sabata yathunthu. Kutatsala masiku ochepa, Rowland anadumpha m'thanki. Akuti zinyamazi zimatero. Mwana anamupeza pakapeti akuphiriphitha. Anapulumuka, koma kuyambira pamenepo thanki inkavundikiridwa ndi katani yakale ya lesi yopanidwa ndi mapegi a zovala.

Fryson anaima pakhomo la chipindacho nthawi yaitali akuyang'ana katani ija. Kenako anati, "Achemwali, tamuuzeni kuti ndimukonzera chivundikiro."

Ndinamasulira. Atupele anatembenuka n'kuwayang'ana bambo ake kumaso, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anandifunsa m'Chingerezi ngati angathedi.

"Bambo akowa?" ndinatero. "Blantyre yonse analibe mnzawo pa zivundikiro."

"Aye, okay then," anatero, akumwetulira pang'ono. Fryson tsiku limenelo anadya ngati munthu wochira malungo.

Lamulungu lonyamuka, basi ya kukampu ili pafupi kuchoka pabwalo la tchalitchi, Atupele anandipatsa pepala lopinda. Anati ndiwawerengere bambo ake zonse, ndisadumphe kanthu. Ndinalonjeza. Ndinalitsegula ndili m'sitima yapansi popita kwathu ku Partick. Linali ndi manambala. Wani: chivundikiro chikhale cha waya wa sefa, mpweya uzidutsa. Thu: chisakhale cha chitsulo chotseka, chifukwa nthunzi imagwira kuchitsuloko n'kudontheranso m'madzi, ndipo madzi otero ndi poizoni kwa Rowland. Fili: madzi azikhala ozizira, kukatentha atsegule windo, ayatse fani, aikemo mabotolo a madzi oundana. Folo: nyongolotsi pakatha masiku awiri alionse. Pansi pake, ndi timalembo ting'onoting'ono, analemba kuti, "Thanks, Dad."

Ndinapsa mtima. Mawu apansiwo ndinawaona, koma mtima unali utapsa kale ndi manambala. Mwana kulembera bambo ake malamulo, wani, thu, fili, ngati akulembera wantchito? Ndiponso waya wa sefa, wa khola la anapiye, umene aliyense akhoza kukhomera pa timatabwa tinayi? Mlongo wanga wadikira zaka khumi kuti aonetse mwana wake chimene iye ali, ndiye akakhome sefa? Za madzi ozizirazo ndinachita kuseka ndekha. M'dziko lino chimene chimapha ndi chisanu. Ine ndimaveka okalamba masokosi awiriawiri mwezi wa Juni. Ndani anafapo ndi kufunda ku Glasgow? Ndinapinda pepalalo, kuliika m'buku lanyimbo, n'kutseka chikwama.

Mawa lake Fryson anandifunsa ngati mwana anasiya mawu.

"Akuti nyongolotsi pakatha masiku awiri," ndinatero. "Chivundikirocho mukonze mmene mumadziwira."

"Basi?"

"Basi. Muonetseni ntchito ya ku Ndirande."

Kumpingo kwathu kuli bambo Isaiah, injiniya, amene ali ndi galaja kunyumba kwawo ku Easterhouse. Anamupatsa Fryson chidutswa cha lata chotsala, hamala, sizasi ndi chitsulo chokhomerapo. Muyezo wa thanki Fryson anatengera pachingwe, kumanga mfundo pamene kona yathera. Masiku awiri akaweruka ankakwera mabasi awiri kupita kumeneko. Bambo Isaiah anandiuza pambuyo pake kuti tiyi ankawazizirira m'manja, atangoima n'kumaonerera mmene mlongo wanga ankapindira m'mphepete, akung'ung'udza nyimbo, popanda makina alionse.

Lachitatu Fryson anandiitana ku Maryhill kuti ndikaone. Chinali chokongola, zimenezo sindingabise. Chonyezimira, makona ofanana, chogwirira chopinda bwino pakati. Atachiika pathanki chinalowa mwakachetechete. Mpata wokhawo unali wodutsa chingwe cha kamakina kosefa madzi, ndipo nawonso unachita kukumbatira chingwecho. Koma iye sanasangalale msanga. Anawerama n'kumayang'ana Rowland kupyolera m'galasi.

"Achemwali, kodi chinthuchi sichifuna mpweya? Ndimati ndiboole tiwiri titatu kumbuyoku."

Apa ndi pamene pamandisowetsa mtendere. Mmisiri anafunsa funso lake, funso loyenera, pepala lili m'chikwama changa pampando pomwepo.

"Mukufuna chioneke ngati mbaula?" ndinatero. "Nsomba m'madzi zimatsegula windo liti? Kamakinako kakugwira ntchito. Musaononge chinthu chabwino."

"Chabwino, achemwali."

Fryson sananditsutsepo chibadwire. Ndisanachoke ndinatseka windo la chipindacho, n'kukulunga thanki ndi chitenje changa, kuti kachilombo ka mwana kasazizidwe mwini wake kulibe. Ndinatsika masitepe ndikudzimva kuti ndine zakhali wabwino.

Lachinayi anandiimbira foni ali kudepoti. Ankafuna ndimuphunzitse mawu a Chingerezi oti adzanene yekha mwana akadzaona chivundikiro, osadzera mwa ine. Ndinamupatsa mawu asanu akuti wakonzera iyeyo. Anawabwereza kangapo mpaka atakhala bwino pakamwa, ndipo anati aziwanena chamumtima akutsuka mabasi kuti asathawe.

Sabata imeneyo ku Glasgow kunatentha. Kumachitika kamodzi pachaka, azibambo n'kuvula malaya m'mapaki ngati aona zachilendo. Chipinda cha Atupele chili pamwamba, ndipo dzuwa limalowamo kuyambira masana mpaka madzulo. Lachisanu Rowland anakana nyongolotsi. Loweruka m'mawa Fryson anandiimbira kuti ndifike msanga. Ndinapeza kanyama kakuyandama chopendekeka, tinthenga tija titafota n'kupindikira kutsogolo, pakhungu pali zoyera ngati thonje. Nditapisa chala m'madzi, anali ofunda ngati osambitsira khanda. Kunsi kwa chivundikiro kunali madontho okhaokha.

Tinamunyamula m'kontena ya ayisikilimu kupita kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo, mayi wachichepere dzina lake Rachel, ankafunsa mafunso ine ndikumasulira. Atamva za lata ndi windo lotseka anatsinzina kwakanthawi. Zonse zimene ananena zinali zomwe zija ndinawerenga m'sitima: sefa, mpweya, kuzizira. Fryson ankandiyang'ana pakamwa, akugwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Dokotala anatipatsa mankhwala, n'kunena kuti timuike m'madzi oyera pamalo ozizira, koma tisayembekeze zambiri.

Tsiku lonselo Fryson anakhala pansi kukhitchini pafupi ndi kontena ija, kusintha mabotolo oundana, kuyankhula nako kanyamako m'Chichewa. Ndinamumva akuti, "Limbani, bambo. Mwini wanu akubwera mawa." Rowland anafa Lamulungu anthu ali kutchalitchi, kutatsala maola atatu kuti basi ya kukampu ifike.

Atupele analowa chikwama chili kumsana, atatopa koma akuseka, n'kuthamangira kuchipinda. Tinamva kulira kwa lata akuvundukula. Atatuluka sanalire. Anatsegula kontena patebulo, kuyang'ana, kutsekanso. Ndiye anayang'ana ine.

"Auntie, did you tell him?" Ankafunsa ngati ndinawauza bambo ake zimene analemba.

Ndinamuyankha kuti zofunika ndinawauza.

Anatembenukira kwa bambo ake, mawu akukwera, Chingerezi chikuthamanga. Ankati analemba zonse, sefa, fani, mabotolo, analemba papepala kuti pasakhale kulakwitsa, nanga n'chifukwa chiyani sanamvere? Fryson ambiri mwa mawuwo sanawamve, koma liwu la pepala analimva, ndipo anaona manja a mwana akuonetsa kulemba. Anandiyang'ana. Sanakwiye. Anangondiyang'ana mmene ankayang'anira ndowa yodontha, kufuna pamene pali bowo, ndipo anapapeza.

Kwathu munthu sungatsutse mchemwali wako wamkulu pamaso pa mwana, ngakhale atalakwa chotani. Palibe anatikhazikapo pansi kutiphunzitsa zimenezo, tinangokulira momwemo. Fryson anaika manja kumbuyo n'kuti, "Achemwali, muuzeni kuti wolakwa ndine. Zonse munandiuza. Ndinafuna kuonetsa luso. Muuzeni kuti ndikupepesa."

Ndipo ine ndinamasulira. Zoona zimene mwana analemba ndinazidula, koma bodza la mlongo wanga ndinalimasulira lonse, liwu ndi liwu, osasiyako kanthu. Atupele anamvetsera mpaka kumapeto. Anatenga kontena ija, kulowa kuchipinda, n'kutseka chitseko.

Tereza atabwera kuchokera ku Thyolo anamva nkhani kwa mwana, ndipo anamukalipira mwamuna wake ine ndili pomwepo ndikumwa tiyi wawo. "Bambo a Atupele, mwana wakupatsani mpata umodzi, umodzi wokha, inu n'kuutaya chifukwa cha matama a pamsika." Fryson anangoti, "Zoona." Atupele anasiya kudyera patebulo. Bambo ake akalowa kukhitchini, iye ankatuluka. Kwa ine ndiye anasendera pafupi. Loweruka ankabwera ku Partick, kugona pasofa yanga, kundiuza kuti ndine ndekha amene ndimamumvetsa. Ndinkamukazingira mandasi, kumuluka tsitsi, buku lanyimbo lili pashelefu pamwamba pa mutu wake. Kutchalitchi ndinayamba kuimba za pamtima, buku ndikulisiya kunyumba.

Ndinadziuza zambiri miyezi imeneyo. Ndinati ndi kachilombo chabe, aiwala. Ndinati ndikaulula ndiye kuti Fryson wavutikira pachabe. Ndinati ndidikire mtima wa mwana uzizire. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuyang'anidwa mmene ankayang'anidwira mlongo wanga, ndipo malo amene ndinali nawo mumtima mwa mwanayo ankandikomera, ngakhale ndinkadziwa kuti ndi obedwa. Ndinkachita manyazi, koma manyaziwo sanandikweze basi ya ku Maryhill.

Fryson sanandifunsepo za pepala, ngakhale kamodzi. Anabweza hamala ndi sizasi kwa bambo Isaiah. Chivundikiro anachiphwanya yekha n'kukachitaya kumabini. Anasiya kukonzakonza za m'nyumba, ndipo anaonda mpaka kolala ya shati kumachita kulendewera. Lamulungu lina mu Okutobala, tikumwa tiyi muholo ya tchalitchi, anandikokera pambali.

"Achemwali, Disembala ndikupita kumudzi. Sindibweranso."

"Mwapenga? Mapepala aja munavutika nawo zaka khumi."

"Mwana amadyera kuchipinda chifukwa cha ine. M'nyumba mwake momwe. Ndikachoka azidya patebulo ndi amayi ake." Anazunguza kapu m'manja. "Pafoni tinkagwirizanako."

Tiyi uja sindinamalize. Ndinapita ku Partick, kutsitsa buku pashelefu, n'kukwera basi ya ku Maryhill masana omwewo. Tereza anali kuntchito. Fryson ananditsegulira n'kubwerera kukhitchini kumene ankatsuka mbale. Ndinagogoda kuchipinda kwa Atupele. Thanki inali pomwe paja, youma, atadzazamo mabuku a kusukulu.

Ndinamupatsa pepala. Analitambasula, kuliyang'ana, kundiyang'ana. Ndinamuuza zonse m'Chingerezi, chifukwa sindinafune kubisala m'mawu amene sakanawamva: kuti bambo ake pepalalo sanalionepo, kuti anafunsa zoboola ine n'kukaniza, kuti windo ndinatseka ndine, ndipo chitenje chinali changa. Ndinakonzekera kutukwanidwa. Iye chala chake chinali pa timalembo tapansi tija.

"He never saw this?"

"Sanaone."

Anafunsa ngati bambo ake ankadziwa kuti wolakwa ndine. Ndinati anadziwa tsiku lomwe lija. Apa ndi pamene nkhope yake inasintha, ndipo mkwiyo umene ndinkayembekeza sunagwere ine ndekha.

"So he picked you," anatero. Ankati bambo ake anasankha ine, n'kumusiya iye adane nawo miyezi itatu kuti mchemwali wawo asachite manyazi.

Ndinayamba kufotokoza za kwathu, za ulemu, za mmene tinakulira. Sanadikire. Anandidutsa pakhomo pepala lili m'manja, kulunjika kukhitchini. Ine mwachizolowezi ndinamutsatira, poti pafunika womasulira. Atafika pachitseko anatembenuka n'kuyankhula Chichewa chake chochepacho.

"Inu ayi."

Anatseka chitseko. Ndinaima mukolido chikhothi ndisanavule. Ndinamva mpopi ukutsekedwa. Ndinamva mawu a mwana akukwera, kusweka, n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Ndinamva Fryson akuyesa Chingerezi chake cha pamsika, kukakamira, kugwera m'Chichewa, mwana n'kumuuza kuti abwereze. Panali kulira, sindikudziwa kuti kwa ndani. Zinatenga pafupifupi ola lathunthu. Zimene anauzana sindizidziwa mpaka lero, ndipo palibe amene anandiitana.

Fryson atatuluka maso anali ofiira, pepala lija lili m'thumba la shati. Anatenga jekete n'kunena kuti andiperekeze pasiteji. Tinatsika masitepe, n'kuwoloka mlatho wa pangalande. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa, koma nditangoti "achimwene" anakweza dzanja.

"Akuti ndisapite," anatero. "Koma akuti ndimulonjeze kuti sindidzamunamizanso pofuna kuteteza munthu wina. Ngakhale inu."

"Ndiye mwati chiyani?"

"Ndalonjeza, achemwali."

Ndinagwedeza mutu. Chikwangwani chinkaonetsa kuti basi ifika pakatha mphindi zisanu ndi ziwiri. Mlongo wanga anali asanandisiyepo pasiteji ndekha. Ankadikira ndikwere, basi inyamuke, ndiye n'kubwerera. Tsiku limenelo anayang'ana mawindo a pansanjika yachitatu, n'kuyang'ananso ine.

"Muyende bwino, achemwali. Mwana akundidikira, sanadye."

Anatembenuka n'kumapita mofulumira, osacheuka. Basi ndinaidikira ndekha.